Tisadye Mbewu: Ndani Adzalipirira Ana Ofuna Kuzama pa Ziyankhulo Zathu?

 Lero sinditambasula mwambi umodzi monga mwa chizolowezi chathu. Ndabwera ndi dandaulo limene landisowetsa tulo, ndipo amene afuna kunena kuti tsabola wakale sawawa anene ndithu, koma ayambe wandimvera kaye.

Mwezi wathawu kudafika kwathu kuno mtsikana wina, mwana wa mmodzi mwa anyamata amene ndidawaphunzitsa Sitandade 8 kalekale. Adagwada, nandipatsa moni mwaulemu, kenaka adapempha kuti ajambule mawu anga pa foni pamene ndikufotokoza miyambi ya alenje. Pocheza ndidamva mbiri yake. Mwanayu adatsiriza digiri yoyamba ya ziyankhulo za mu Africa, ndipo adakhoza bwino kwambiri. Chimene mtima wake ukufuna ndi kukakhala pakati pa asodzi a m'mbali mwa nyanja ndi kulemba mawu awo: mayina a nsomba, a makoka, a mfundo zomangira, a mphepo monga mwera, mpoto ndi vuma, pamodzi ndi nyimbo zokokera khoka, eni ake asanathe kupita kuli chete. Kawiri konse adapatsidwa malo oti achite digiri yachiwiri, ndipo kawiri konse malowo adapita chifukwa chosowa fizi. Lero akukhala m'kakhumbi pamsika, kutumiza ndi kulandira ndalama za pa foni. Anzake awiri a ku sekondale, wina wa zaulimi wina wa zaumoyo, onse adapeza owalipirira. Atakadandaula kwa amalume ake, yankho lidali lakuti: "Iwe, Chichewa chimene umayankhula kale ukachiphunzirirenji? Kodi mneni amadyedwa?"

Amalumewo sindiwada, pakuti adangonena poyera zimene ambiri amanena chamumtima. Koma ine ndikuti maganizo amenewa ngolakwika, ndipo akutidyetsa mbewu.

Amayi anga, amene adaona njala ya 1949, adali ndi lamulo limodzi losasweka. Pokolola ankasankha ngala zazikulu za chimanga, kuzimanga ndi makoko ake, ndi kuzipachika kudenga la khitchini pamwamba pa moto, kuti utsi ndi mwaye ziingitse anankafumbwe. Ngakhale nkhokwe igone pansi, ngakhale ife ana tilire chotani, ngala zimenezo sizinkakhudzidwa. Banja lodya mbewu limakhuta usiku umodzi, koma mvula ikagwa limayendayenda m'makomo mwa eni kupempha chodzala. Ana ochepa amene amafuna kuzama pa chiyankhulo ndi zolembedwa ndiwo ngala za kudenga. Mwa iwo mudzachokera ophunzitsa aphunzitsi, olemba mabuku a sukulu, okonza mtanthauziramawu ndi omasulira malamulo. Tikawasiya m'tizikhumbi ta pamsika, chaka chino sitimva kuwawa, koma zaka khumi zikubwerazo tidzafunafuna wodzala osamupeza.

Ife opereka mawu, ena olandira ulemu

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa mbiri ya chiyankhulo chathu ili ndi phunziro lowawa. Buku loyamba lotanthauzira mawu athu lidalembedwa kutali, pafupi ndi Mombasa. Mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann, adakumana kumeneko ndi kapolo wina dzina lake Salimini, wochokera kuno kwathu, namufunsa mawu limodzi limodzi. Bukulo lidasindikizidwa mu 1877. Pachikuto pali dzina la Rebmann. Mawu onse ndi a Salimini. Mu 1892 David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre adatulutsa mtanthauziramawu wamkulu wa Chimang'anja, ndipo Alexander Hetherwick adaukonzanso mu 1929. Anthu a m'midzi amene adawauza mawu ndi matanthauzo ake, ambiri mayina awo adaiwalika. Ku America, Mark Hanna Watkins adalandira digiri ya PhD ku University of Chicago mu 1933 chifukwa chofotokoza malamulo a Chichewa, ndipo buku lake lidatuluka mu 1937. Amene ankamuuza mawu ndi ziganizo adali mnyamata wa ku Kasungu wophunzira pa sukulu yomweyo, Hastings Kamuzu Banda.

Anthu amenewa ndiwathokoza, pakuti adasunga zimene zikadatayika. Koma taonani mmene zinthu zidakhalira: ife kupereka mawu, ena kulandira madigiri. Izi zidasintha pokhapokha ana athu atapeza mwayi wophunzira mpaka pamapeto. Sam Mchombo, Jack Mapanje ndi Al Mtenje onse adachita PhD yawo ku London. A Mchombo adakafika pophunzitsa ku Berkeley ku America, ndipo buku lawo lofotokoza kamangidwe ka ziganizo za Chichewa lidatuluka ku Cambridge mu 2004. Zimene adalemba pamodzi ndi Joan Bresnan mu 1987, zokhudza agwirizanitsi athu, zimawerengedwa m'masukulu a ukachenjede padziko lonse. A Mtenje, pamodzi ndi Laura Downing, adatulutsa buku la kamvekedwe ka mawu a Chichewa ku Oxford mu 2017. Kodi zonsezi zidangogwa ngati mpoza? Ayi. Munthu aliyense wotere amayenera kukhala zaka zitatu kapena zinayi akudya, akugona ndi kugula mabuku osalima munda. Ndalama imeneyo imachokera kwina kwake. Mbadwo umenewo tsopano wakula, ena apuma pantchito, ena adatisiya. Ndani akulipirira owalowa m'malo?

Kumene ndalama zimapita

Sindikuti thandizo kulibe. Lilipo, koma taonani makomo ake. Mu 2016 banki yaikulu ya World Bank idathandiza kukhazikitsa malo 24 a maphunziro apamwamba m'maiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, olipirira ophunzira a digiri yachiwiri ndi PhD. Malawi adalandira awiri: a zansomba ku Bunda ndi a zaumoyo ku sukulu ya madokotala ku Blantyre. Sikolashipu ya Commonwealth, imene idayamba mu 1959, masiku ano imafuna kuti wopempha aonetse kuti maphunziro ake akulowa m'mitu isanu ndi umodzi ya chitukuko, monga sayansi ndi luso, zaumoyo, mtendere ndi ulamuliro wabwino, ndi kupirira pa ngozi. Mwana wofuna kufufuza nthano amayenera kuziveka nthanozo malaya a chitukuko kuti zilowe pakhomo. Ku America kudali ndondomeko yabwino yotchedwa African Humanities Program, imene idayamba mu 2008 kuthandiza akatswiri a ziyankhulo, zolembedwa ndi mbiri, koma inkalandira a m'maiko asanu okha: Ghana, Nigeria, South Africa, Tanzania ndi Uganda. Ife tidangosuzumira pawindo. Palinso thumba la Endangered Languages Documentation Programme, limene lidayamba ku London mu 2002 ndipo lidasamukira ku Berlin mu 2021. Ilo limathandiza ziyankhulo zimene zili pafupi kufa. Ntchito yake njabwino, koma tanthauzo lake n'lakuti chiyankhulo chiyambe chadwala mwakayakaya kuti sing'anga abwere.

Makomo otseguka kwa onse alipo ndithu, ndipo adzukulu anga muwadziwe. Chevening ya boma la Britain imalipirira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi pa phunziro lililonse, koma imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndiponso kuti ukatsiriza ubwerere kwanu. Beit Trust imathandiza ana a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Mandela Rhodes imatenga achinyamata a mu Africa kukaphunzira ku South Africa. Fulbright ndi ya ku America, ndipo DAAD ndi ya ku Germany. Pemphani konseko, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Koma pamakomo amenewa mwana wa ziyankhulo amaima pamzere umodzi ndi dokotala, injiniya ndi loya, kulimbirana malo ochepa. Ndiponso kawirikawiri amayenera kulipira mayeso a Chingerezi, a mtengo wokwera, kuti aloledwe kukafufuza chiyankhulo cha mayi wake. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale ndalama yongolembetsera idasanduka phiri.

Kodi mneni amadyedwa?

Tsopano ndiyankhe amalume aja, pakuti funso lawo lili ndi mano. Adzati: dziko losauka liyambe ndi chakudya, mankhwala ndi misewu, ndakatulo zidzabwera tikakhuta. Ine ndaphunzitsa ana anjala, ndaika m'manda ana anga a sukulu ofa ndi malungo, choncho sindinganyoze dokotala kapena mlangizi wa zaulimi. Sindikupempha kuti achotsedwe ngakhale mmodzi. Ndikungofunsa kuti: dokotalayo akabwerako ku maphunziro, adzayankhula ndi wodwala m'chiyankhulo chanji? Mayi wakumudzi akati "mtima ukundiwawa", kapena "mwana wagwidwa ndi tsempho", kapena "magazi andithera", akutanthauza chiyani kwenikweni? Wina ayenera kukhala pansi, kufufuza mawu amenewa boma ndi boma, ndi kuwalemba kuti anamwino awaphunzire. Mlangizi wa zaulimi akamafotokoza za mbewu yatsopano, chenjezo la namondwe likamaulutsidwa monga zidafunikira pa nthawi ya Freddy mu Malichi 2023, chimene chimapulumutsa munthu ndi uthenga umene waumva, osati umene wangonenedwa.

Pitani kukhoti. Mlandu umazengedwa m'Chingerezi, ndipo woimbidwa mlandu amadalira womasulira. Liwu limodzi lopotoka lingathe kumuonjezera zaka m'ndende. Kodi womasulirayo adaphunzitsidwa ndi yani, nanga mawu a malamulo m'Chisena, m'Chiyao kapena m'Chitonga adawakhazikitsa ndani? Pitani ku Sitandade 1. Ine ndidaona ndi maso anga kwa zaka zambiri kuti mwana amene wayamba kuwerenga m'chiyankhulo cha kwawo amagwira msanga, ndipo Chingerezi chimene amachiphunzira pambuyo pake chimakhala pa maziko olimba. Mu 1996 boma lidalamula kuti makalasi anayi oyamba aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha m'deralo, koma mabuku ndi aphunzitsi okonzekera sadakwane. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chophunzitsira, ndipo mu 2014 kudalengezedwa kuti ziyambire Sitandade 1. Tagwedezeka uku ndi uku ngati bango la m'madzi, ndipo chifukwa china n'chakuti akatswiri athu ofufuza nkhaniyi m'makalasi mwathu momwe ngochepa.

Ena adzati: chiyankhulo timayamwira kubere, palibe chophunzira. Ndiye ndifunse: n'chifukwa chiyani "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika timazilemba chimodzimodzi koma pakamwa timazisiyanitsa? Nanga "khungu" la pathupi ndi "khungu" la m'maso? Tonse timadziwa kukweza ndi kutsitsa liwu moyenera, koma kufotokoza lamulo lake n'kwa munthu amene adaliphunzira. Aliyense ali ndi chiwindi, koma si aliyense angachichite opaleshoni. Mawu amene ndinkaphunzitsa nawo m'kalasi, monga mneni, mfotokozi, muonjezi, mperekezi ndi mlowam'malo, sadamere okha ngati bowa. Anthu adakhala pansi, kuganiza, kutsutsana, mpaka kuwakhazikitsa. Lero tikufunika mawu atsopano a zamakompyuta, zachuma ndi zanyengo. Adzawasule ndani?

Enanso adzati makina adzatichitira. Inde, Google Translate idalandira Chichewa mu 2014, ndipo makina amakono akutha kulemba ziganizo zathu. Koma makina amaphunzira pa zimene anthu adalemba, ndipo amafunika wodziwa woti awawongole. Mukawapatsa mwambi, kawirikawiri amakubwezerani chikopa, nyama atataya. Ndipo ziyankhulo za ku Chitipa, monga Chilambya, Chindali ndi Chisukwa, zimene zolembedwa zake n'zochepa, makinawo adzaziphunzira kuti?

Chala chiloze kwathu

Koma ndisanamize alendo. Mwini ndalama ali ndi ufulu wosankha kumene ndalama yake ipite, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Taona kale: boma la Britain lidachepetsa thandizo lake la kunja mu 2021, nalengezanso mu 2025 kuti lichepetsa kwambiri, bungwe la USAID, limene lidathandiza ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga imene idayamba mu 2016, lidatsekedwa mu 2025. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Cholakwa chachikulu n'chathu, chifukwa tikuyembekezera kuti mlendo atisungire chiyankhulo chimene ife eni tikuchita nacho manyazi.

Kale tidayesapo. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo mu 1972 kudakhazikitsidwa Chichewa Board, imene idatipatsa malamulo a kalembedwe. Zoona ziyenera kunenedwa: nthawi imeneyo ziyankhulo zina zidaponderezedwa, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi mpaka 1994. Chimenecho chidali cholakwa, ndipo tisachibwereze. Mu 1996 kudabadwa Centre for Language Studies ku Zomba, yosamalira ziyankhulo zonse za m'dziko muno, ndipo mu 2000 idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wofotokoza mawu athu m'chiyankhulo chathu chomwe. Ntchito yotere siitha. Mawu amabadwa, ena amafa, ndipo mtanthauziramawu amafuna manja atsopano mbadwo uliwonse.

Taonani anansi athu. A ku Tanzania adakhazikitsa bungwe losamalira Chiswahili mu 1967, ndipo akhala akuphunzitsa akatswiri ake ku Dar es Salaam kwa zaka zambiri. Zipatso zake n'zoonekeratu: mu 2019 SADC idalandira Chiswahili kukhala chiyankhulo chogwirira ntchito, ndipo mu 2021 UNESCO idapatula tsiku la 7 Julayi kukhala la Chiswahili padziko lonse. A ku South Africa adakhazikitsa mu 2013 bungwe lapadera lolipirira ophunzira a PhD m'maphunziro a za anthu ndi chikhalidwe. Chiyankhulo chathu chimayankhulidwa ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, ndi anthu mamiliyoni ambiri. Timanyadira kuti UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005 ndi Tchopa mu 2014. Koma nyimbo za magule amenewa, ndi mawu ake okuluwika, adzazifotokoze ndani ngati mwana wofuna kuzifufuza akusintha ndalama pamsika? Masomphenya a Malawi 2063 amakamba za kusintha kaganizidwe. Kodi munthu amaganiza m'chiyankhulo chanji?

Chimene ndikupempha

Kulira kokha sikuumba mphika, choncho ndinene zimene ndikufuna.

Kwa boma ndi aphungu athu: patulani m'ndondomeko ya zachuma ya chaka chilichonse malo owerengeka, ngakhale khumi a digiri yachiwiri ndi atatu a PhD, a ziyankhulo ndi zolembedwa za m'dziko muno. Ambiri aphunzire konkuno, ku Zomba ndi ku Mzuzu, kumene mtengo wake ngochepa ndipo eni chiyankhulo ali pafupi. Bungwe la United Nations lidapatula zaka za 2022 mpaka 2032 kukhala zolimbikitsa ziyankhulo za makolo. Zisadzathe ife titangochita misonkhano m'mahotela.

Kwa mafumu ndi mabungwe a chikhalidwe: chaka ndi chaka timasonkhana ku Kulamba, ku Mulhako, ku Umthetho ndi kwina, ndipo timasonkha ndalama za nsalu, mabasi ndi chakudya. Zimenezo n'zabwino. Koma pa tsiku lomwelo, pamaso pa khamu lonse, mfumu itchule dzina la mwana mmodzi amene mtundu wamutuma kusukulu kukazama pa chiyankhulo chake. Kale namkungwi sankagwira ntchito ndi njala. Mudzi unkamupatsa nkhuku ndi ufa, podziwa kuti akusunga mwambo wa onse.

Kwa makampani amene amatsatsa malonda awo m'Chichewa pa wailesi tsiku ndi tsiku, ndi kwa mipingo imene imalalikira ndi kuimba m'ziyankhulo zathu: mukumwa pachitsime, thandizani kuchikumba.

Kwa inu adzukulu anga a ku Johannesburg, ku London ndi kwina, amene mumadandaula kuti ana anu sakudziwa kupereka moni: chala chimodzi sichiswa nsabwe. Anthu 5,000 atamasonkha K2,000 pamwezi aliyense, pachaka zingakwane K120 miliyoni. Ndalama imeneyi ingaphunzitse ana angapo chaka chilichonse. Ndi mmene tinkachitira dima: lero tilime kwa uyu, mawa kwa uyo.

Koma thumba lotere likhale ndi malamulo, pakuti ndaona matumba ambiri akubooka. Osankha akhale akatswiri, mayina a osankhidwa alengezedwe poyera, ndipo mwana wa mlimi alingane ndi mwana wa nduna. Ziyankhulo zonse zilandire gawo, Chilomwe ndi Chingoni zimene zikuzilala zikhale patsogolo. Ndipo wolandira thandizo akhale ndi ngongole imodzi: akatsiriza, alembe zimene wapeza m'chiyankhulo chimene adachifufuzacho, abwerere kumudzi kumene adatapa nzeru akawawerengere eni ake, atchule mayina a agogo amene adamuuza, ndipo mawu amene adajambula akawasungitse kosungira mbiri ya dziko ku Zomba. Tisabalenso a Salimini ena, opereka mawu osatchulidwa.

Mtsikana uja potsanzikana adandiuza kuti chaka chino alembanso makalata opempha thandizo, kachitatu. Ndidamupatsa kope langa lakale la miyambi, limene ndakhala ndikulemba kuyambira ndili ku koleji ya aphunzitsi, ndi kandalama kochepa ka pa penshoni yanga kolipirira zikalata. Si zambiri, koma kupatsa n'kuika. Asodzi amene akufuna kukawafunsa ndi a msinkhu wanga, ndipo ife sitidikira bajeti. Madzi akatayika saoleka. Amene muli ndi maganizo pa nkhani ya thumba limeneli, kaya ogwirizana nane kaya onditsutsa, ndiuzeni. Ndipo amene muli ndi mwana wofuna kuphunzira chiyankhulo chake, musamufunse ngati mneni amadyedwa. Mufunseni kuti fizi ndi zingati.

Ndatha ine agogo anu.